Chipewa cha a Harold chandichotsa dzino

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ku Leeds ndilipo, koma dzino limodzi lapita.

Kunyumba yosamalira okalamba komwe ndikugwira ntchito kuli bambo ena, a Harold. Kale anali kondakitala wa mathiramu, sitima zoyenda pakati pa msewu zomwe zinathetsedwa ine ndisanabadwe. Mutu wawo unasokonekera, ndiye amangokhalira kuvala chipewa cha ntchitoyo n'kumaboola timapepala ndi kachitsulo ka matikiti.

Lachiwiri tisanadye ndinawavula chipewacho kuti tipemphere, monga bambo athu ankatiphunzitsira. Achimwene, nkhalamba ili ndi mphamvu! Anandikhoma nako kachitsulo kaja pakamwa, ine pansi khu, magazi chuchuchu pa yunifolomu. Iwo akungokuwa kuti, "Musatenthe! Musatenthe!"

Mwana wawo wamkazi anandiuza kuti mathiramuwo atathetsedwa anatenthedwa a Harold akuona. Chomwe anapulumutsapo n'chipewacho.

Amayi musawauze, angadwale nazo. Muzindipempherera, ndipo Ambuye akusungeni nonse. Masiku ano a Harold akumapemphera chipewa chili kumutu, ndipo Mulungu sanadandaulepo.

Ndine mlongo wanu,
Esinati