Ndinawapaka Golide Ali Moyo

Balik Pulau, Penang
14 Malichi

Mlongo wanga Boon Teik,

Moyo uli bwanji ku Perth kumeneko? Nanga mlamu wanga Li Fen ndi ana? Kuno tilipo. Bambo mawondo ndi omwe aja, koma pakamwa ndiye sipatopa. Dzulo anati supu yanga ya laksa ikukoma ngati madzi otsukira mbale, kenako n'kumaliza mbale ziwiri.

Ndasankha kalata chifukwa pa foni umandidula mawu. Khala pansi, uwerenge mpaka kumapeto.

Ukukumbukira chiliza cha agogo athu aamuna, Ah Kong, kuphiri kuja? M'munsi mwake muli mayina atatu a ana awo. Pali la bambo, pali la malemu bambo aang'ono, ndiye pali Chye Hin uja, amene tikafunsa kuti ndi ndani bambo ankatiuza kuti tizule udzu, tisiye kulongolola.

Chaka chatha pa Cheng Beng, tsiku lolambula manda, bambo analephera kukwera phiri, ndiye burashi inagwera ine. Mwambo ukuudziwa: dzina la wamoyo utoto wofiira, la wakufa wagolide. Ndinaliyang'ana dzina lija n'kudzifunsa kuti munthu wosamveka zaka zoposa makumi asanu ndi atatu angakhale moyo bwanji? Ndinalipaka golide. Ndinatsika phiri ndikudziona wanzeru, ine mphunzitsi wopuma pantchito.

Nditawaonetsa chithunzi, bambo anaika timitengo todyera pansi n'kundifunsa kuti kumaliro akewo ndinapita liti. Sanandiyankhulenso sabata ziwiri zathunthu.

Mtima utatsika anandiuza zomwe anabisa moyo wawo wonse. Ah Kong pochoka ku China mu 1939 anasiya mkazi ndi mwana wa zaka ziwiri. Nkhondo inatseka njira, makalata anaduka, iwo n'kukwatira agogo athu kuno. Ah Kong akumwalira anawagwira bambo dzanja, akuti dzinalo lizikhala lofiira mpaka atabwera munthu amene anauona mtembo ndi maso ake.

Manyazi anandigwira, koma chidwi chinaposa manyaziwo. Umandidziwa. Mwana ameneyu anakula bwanji? Ankadziwa kuti ife tilipo? Ndinkadzifunsa mpaka mpunga kupserera pamoto.

Ndinapita kunyumba ya fuko lathu la a Khaw m'tauni. Mlembi wake, a Tiang Soo, ndi mkulu wogontha khutu limodzi koma wachipongwe. Akuti nonsenu mumakumbukira mizu imvi zitamera. Anayang'ana chithunzi n'kuloza zilembo ziwiri zachitchaina za pamwamba pa chiliza, zomwe iwe ndi ine takhala tikuzikwecha ndi burashi chiyambire ubwana. Anandifunsa ngati ndimadziwa kuwerenga kapena ndinkangophunzitsa ana a eni ake. Teik, limene lija ndi dzina la mudzi wa Ah Kong ku Fujian, ku China! Sukulu zachingerezi zija zinatipusitsa.

Iwo analembera wosunga buku la mibadwo kumudziko. Miyezi inapita kuli zii. Mwezi wathawu kunabwera chithunzi cha tsamba limodzi. Pa dzina la Ah Kong analemba kuti anapita kumwera, kutsidya kwa nyanja, sanabwerere. M'munsi mwake muli Chye Hin, ana ake, adzukulu ake. Malo olembapo tsiku la imfa ndi osalemba kanthu.

Ali moyo, iwe! Bambo athu aakulu ali moyo, zaka 88.

Mdzukulu wawo, Xiu Lan, anatilumikiza pa foni yoonana nkhope. Nditangoona makutu ndinafuula. Makutu a bambo aja, ako omwe aja, otambalala ngati zogwirira poto. Chihokkien chawo n'cholimba, ndinkatola theka, koma tinafunsana ngati ana. Iwo akuti bambo awo anali aatali? Ankakonda kudya chiyani? Ankaimba? Ine ndinafunsa za mayi awo. Akuti sanakwatiwenso. Atatopa kudikira anakwirira malaya amene mwamuna wawo anasiya, ndipo manda a malaya amenewo ndi omwe mkuluyu wakhala akusesa chaka ndi chaka.

Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati bambo awo anawakumbukira pa chiliza. Ndinati eya, dzina lanu ndi loyamba. Analira, nanenso ndinalira. Atapukuta misozi anapempha chithunzi.

Apa ndiye pali mlandu wanga. Chithunzi chokhacho chomwe ndili nacho ndi cha golide chija. Ndiwatumizire bwanji munthu wamoyo umboni woti abale ake tinamuika kale? Ndinanama, Teik. Ndinati mvula yawononga njira yakuphiri. Xiu Lan akuti agogo ake akutsokomola kwambiri masiku ano, ndipo m'mawa uliwonse amafunsa ngati mvula yaleka ku Penang.

Ndinafuna kukakonza mwakachetechete, koma bambo akuti manda sagwidwa tsiku wamba, tidikire Cheng Beng. Nditawauza kuti mkulu wawo wapezeka, anadzitsekera kuchipinda masana onse. Potuluka anangofunsa ngati akadali ndi mano. Kenako anati chaka chino apaka okha ndi dzanja lawo, poti ine ndili ndi dzanja lakupha.

Masitepe akuphiri aja ndi oposa mazana awiri. Mlamu wako, amuna angawa, msana unatha kale, ine ndiye usanene. Watsala ndiwe. Usandiuze za ntchito, zaka zinayi zakwana usanapondeko kuno. Cheng Beng ndi pa 4 Epulo. Bwera udzawabereke bambo ako, akafike pa chiliza, tijambule chithunzi chimene mkulu uja wachidikira kuyambira ali ndi zaka ziwiri. Ndikuopa kuti tikachedwa, golide wanga uja asanduka woona.

Undiperekere moni kwa Li Fen, ndipo ana uwauze kuti makutu awo ali ndi kwawo. Makolo akusunge, akuyendetse bwino panjira.

Utoto wofiira ndagula kale. Iwe ungobwera ndi msana.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Siew Bee