Foni yanga imamva za kuseri kwa mpanda

Aphungu,

Ndimakhala ku Namiwawa, ndipo kuseri kwa mpanda wathu kumakhala a Stafford ndi akazi awo a Daisy, mnzanga wapamtima amene timaimbira limodzi kwaya. Chaka chatha tonse tinagula mafoni opanda chingwe m'sitolo imodzi ku Limbe, aja umatha kulankhula uli pakhonde.

Mwezi watha nditanyamula yanga kuti ndiimbe, ndinangomva mawu a bamboyu ali pakati pa macheza. "Mkazi wanga, wandiiwala eti? Loweruka ndikubwera ku Chimwankhunda, undiphere nkhuku." Mayi amene ankalankhula nayeyo anaseka n'kuyankha kuti, "Bwerani amuna anga, koma a Daisy achita nsanje."

Ndikanatseka pomwepo, koma sindinatero. Tsopano ndikangoona galimoto yawo yalowa masana, a Daisy ali kuntchito, ndimathamangira foni. Mawu ena ndawajambula pa kaseti. A Daisy ndi oyembekezera, ndipo akamandisekerera kukwaya mtima umandipweteka.

Dzana ndinaimbira mkulu wanga Gertrude ku Nkolokosa n'kumuuza zonse. Iye akuti kasetiyo ndikaipereke kwa ankhoswe awo. Dzulo a Stafford anaima pageti panga, osamwetulira, n'kunena kuti, "Mayi, mupereke moni kwa a Gertrude." Chikundiopsa n'chakuti awiriwa sadziwana n'komwe.

Kodi ndimuuze mnzangayo? Nanga ndalakwira lamulo, poti foni ndi yanga, m'nyumba mwanga?

V.M., Namiwawa, Blantyre

A V.M.,

Mtima wokondera mnzanu ndauona, koma makutu anu alumpha mpanda wa eni. Tsiku loyamba lija inali ngozi. Masiku enawo munkachita kudikirira galimoto.

Foni ndi yanu, inde, koma macheza si anu. Malamulo aakulu a dziko lino amateteza chinsinsi cha zimene munthu amalankhula pafoni, ndipo kaseti imene mukuiyesa umboni wotsutsa a Stafford ikhoza kusanduka umboni wotsutsa inuyo. Ngati akuopsezani ndi khoti, kaonaneni ndi loya musanayankhe chilichonse.

Komanso mwamva chiyani kwenikweni? Mwaiwala chisuweni? Ndi angati mwa ife amene timatchula msuweni kuti "mkazi wanga", iye n'kuyankha kuti "amuna anga", ngakhale pamaso pa mwini banja? Sindikuti bamboyu ndi woyera. Ndikuti simukudziwa, ndipo simungagwedeze banja la mayi woyembekezera ndi mawu otola m'malere.

Kasetiyo isapite kwa ankhoswe, ndipo wina aliyense asaimve. Foniyo izuleni lero, mubwerere ku yachingwe. Mukatero, pitani kwa a Stafford masana, amuna anu kapena munthu wina wamkulu alipo, mukanene kuti mafoni anu amalowana ndipo munamvetsera. Pepesani. Za ku Chimwankhunda afotokoze okha kwa akazi awo, ndipo ngati pali chobisika adziwa kuti sichinabisike.

Pomaliza, chenjerani. Mukudabwa kuti dzina la a Gertrude analidziwa bwanji? Njira imene mawu awo amalowera kwanu ndi yomweyo imene anu amatulukira. Tsiku lija, pamene munkakhuthulira mkulu wanu nkhani yonse, kuseri kwa mpanda wina anali atagwira foni. Pempherani kuti anali a Stafford okha, osati a Daisy.