Msinkhu wa Bambo Pakhoma

Kediri,
9 Okutobala 2019.

Okondedwa Achemwali Darsih,

Munthu amene wachititsa manyazi Bambo athu ndi Gunarso, yemwe uja ndinakutumizirani chithunzi chake inu n'kunena kuti ali ndi nkhope ya munthu wopemphera. Ndayamba ndi dzina lake kuti musavutike kulifunafuna m'munsimu, komanso kuti azakhali akakuimbirani ndi nkhani yawo yokhotakhota mukhale mutamva kale yanga. Ndasankha pepala chifukwa pafoni mumandidula pakamwa ndi "pepa, pepa" wanu uja, ndipo agogo amene mumawasamalira ku Taiwan kumeneko amakuitanani nkhani ili pakati. Moni ndikupatsani kumapeto, mtima ukatsika.

Nsalu ya ukwati imene munandigulira musatumize. Ukwati kulibe.

Mukudziwa kuti ntchito yanga ku Malang inali yotaipa manambala pakompyuta. Gunarso, dokotala wa zamaphunziro, ndi anzake a ku yunivesite anajambula mabuku akale a Adatchi, azungu a ku Holland aja ankatilamulira, mmene munalembedwa anthu athu amene ankakwezedwa sitima kukalima minda ya azungu kutsidya kwa nyanja: dzina, mudzi, zipsera ndi kutalika kwa munthu. Ine ndinkangokopera. Iye ankatenga manambalawo n'kuwayerekeza ndi a asilikali a ku Holland, akaidi a ku England, alimi a ku Japan, kubwerera m'mbuyo zaka mazanamazana. Ankati mafumu amanama, amalonda amanama, koma fupa silinama: mtundu umene ana ake amakhuta umatalika, umene ana ake amagona ndi njala umatsalira pansi. Ankati Adatchi kale anali afupi pakati pa azungu anzawo, lero akugunda mitu pazitseko, pamene ife tikungokwawa. Akamalankhula zimenezi maso ake ankawala, ndipo ine, chitsiru cha mwana wa Bambo Kasiran, ndinkayesa kuti akuwalira ine.

Tsiku limene anabwera koyamba kuno kudzaonekera, ndinaphika mpunga, tempe wathu wa soya ndi nkhuku ya kokonati. Bambo anavala chipewa chawo chakuda cha kumzikiti, n'kukhala kunsonga kwa mpando ngati mlendo ndi iwo. Titatha kudya, Gunarso anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Bambo, munabadwa liti?"

"Chaka chija mpunga unasowa, a dokotala, anthu akudya chinangwa chouma."

Mukanamuona mmene anadumphira! Anapisa m'chikwama n'kutulutsa tepi yoyezera ndi kathabwa. "Mungandilole ndikuyezeni? Ndi za sukulu basi. Imani kukhomaku. Vulani chipewa."

Achemwali, inu ndi ine takula osakhudzapo mutu wa Bambo. Ngakhale wometa tsitsi amayamba wapepesa asanaugwire. Koma Gunarso anaika kathabwa paliwombo pawo, n'kukanikiza, n'kulemba mzere pakhoma ndi pensulo, kenako n'kuwajambula chithunzi.

"Wongokani, Bambo."

"Ndawongoka, a dokotala."

Sanawongoke. Khosi lija mukulidziwa. Moyo wonse ladula nzimbe pamaso pa akapitawo a fakitale ya shuga, ndipo likangoona munthu wa nsapato zopolisha limapinda lokha.

Pomuperekeza ndinamuuza kuti, "Mutu wa bambo anga si dzungu la pamsika." Anaseka n'kunditsina tsaya: "Iwe Wur, nanga msinkhu ndiuyeza ndi maso?" Nditabwerera m'nyumba Bambo anati, "Msiye, ndi mkamwini. Mutuwu wasenza mitolo ya nzimbe, ulephera kathabwa?" Ndinameza. Mukundidziwa kuti sindimeza zinthu, koma ndinameza.

Kutatsala sabata kuti akwawo abwere kudzapanga chinkhoswe, Gunarso anali ndi nkhani yokamba pamsonkhano waukulu ku yunivesite ku Malang, ndipo anatiitana. Anachita kutsindika kuti Bambo asalephere. Bambo sanagone mtima uli m'malo. Anasita okha malaya awo a batiki, anabwereka nsapato kwa aneba, ndipo m'basi yonse anauza anthu kuti akupita kukamvera mkamwini wawo. Anatikhazika kutsogolo, pafupi ndi amayi ake a Gunarso, Mayi Suhartini, amene malemu amuna awo anali kalaliki wamkulu pafakitale ya shuga yomweyo. Mayi wa nsapato za gogoda, tsitsi lofufumitsa kutsogolo ngati chulu, kumbuyo chimfundo chachikulu choikirira. Anatipatsa moni ndi nsonga za zala.

Pakhoma la holoyo panaoneka mizere yamitundumitundu, dziko lililonse mzere wake. Wa Adatchi unkakwera ngati utsi, wa Ajapani unagona nthawi yaitali kenako n'kudzuka, wathu unkangokwawa m'munsi ngati nyongolotsi. Manambala amene anapanga mzere wathuwo ndinawataipa ndi zala zangazi, ndipo sindibisa, ndinanyada. Kenako mizere inachoka, ndipo panabwera Bambo. Chithunzi chija, chachikulu kuposa chitseko: Bambo opanda chipewa, dazi lili poyera, kathabwa pamutu, khoma lathu losweka lija kumbuyo kwawo.

"Uyu ndi wodula nzimbe wa m'midzi ya ku Kediri, wobadwa m'chaka cha njala," anatero Gunarso. "Mwamwayi tili naye muno. Madala, tabwerani kuno."

Madala, Achemwali. Osati apongozi anga, osati Bambo. Madala.

Bambo anakwera masitepe nsapato zobwereka zikuwavuka. Anawaimika pambali pa mlendo wolemekezeka, pulofesa wa ku Holland, wamtali ngati mtengo wa magetsi. Mutu wa Bambo unalekezera pathumba la malaya ake. Holo yonse inaphulika ndi phwete, ana a sukulu mafoni m'mwamba.

"Mwaona?" anatero Gunarso. "Uku mibadwo ya mkaka, uku mibadwo ya chinangwa."

Mzunguyo anafiira nkhope, n'kuyesa kupinda mawondo kuti atsikeko, ndipo anthu anaseka koposa. Bambo ankangomwetulira, kumwetulira kuja amachita kapitawo akawatukwana. Pomaliza anawerama n'kuthokoza. Anathokoza!

Mayi Suhartini anandiyang'ana chammbali n'kunong'ona mokweza kuti amve a mzere wachiwiri: "Ndiye adzukulu anga adzakhala timabotolo totere?" Msonkhano utatha anamufunsanso mwana wawo zomwezo, ife tili pomwepo. Iye anati, "Musadandaule, Amayi. Si magazi, ndi chakudya. Mibadwo iwiri ya mkaka ndi mazira, zimakonzeka."

Zimakonzeka. Ngati njinga.

Ndinamukokera kuseri. "Bwanji simunanene kuti ndi apongozi anu?"

"Pa kafukufuku sititchula munthu dzina, Wur. Ndi lamulo. Ndimawateteza."

"Dzina munabisa, dazi munalipachika pakhoma."

"Usachite zachimidzi. Ndikulankhulira anthu ngati iwo. Wina ndani akuwalankhulira?"

Pobwerera Bambo anavula nsapato zija n'kuzifungata pamiyendo. Anangoti, "Amatha kulankhula mwamuna wako. Anthu anaomba m'manja." Kenako anayang'ana pawindo mpaka ku Kediri, osauzanso aliyense za mkamwini. Potsika anandigwira mkono: "Lamlungu uvale bwino, ndipo pakamwa pakopo utseke. Banja ngati limeneli siligogoda kawiri pakhomo la wodula nzimbe."

Lamlungu anabweradi, magalimoto awiri, mathireyi a makeke a mpunga, zipatso, nsalu ndi mphete. Onse anavula nsapato pakhomo kupatula Mayi Suhartini, amene analowa go go go pamkeka wathu n'kukhala pampando wa kukhoma, pansi penipeni pa mzere wa pensulo uja. Amalume ake a Gunarso analankhula mawu awo aatali, athu anayankha, ndipo inafika nthawi yondifunsa ine. Mukudziwa zimene mtsikana amachita pamenepo: kuzolika, kumwetulira, kugwedeza mutu.

Ine ndinadzuka, n'kupita kukagwada pamapazi pa Mayi Suhartini monga timachitira popempha madalitso. Azakhali anayamba kale kupukuta misozi. Mayiyo anatambasula manja kuti andidalitse. Ndinawavula gogoda zonse ziwiri, ndinagwira manja awo aja, n'kuimirira nawo limodzi. Thabwa lathu lodulirapo anyezi ndi pensulo ndinali nditazibisa kuseri kwa mpando.

"Kuno tili ndi mwambo watsopano, Amayi. Anatiphunzitsa ndi a dokotala. Wolowa m'banja timayamba tamuyeza."

"Mwana iwe, wapenga?"

"Ndi za sukulu basi. Wongokani."

Ndinaika thabwa pamutu pawo n'kukanikiza. Chulu cha tsitsi chija chinaphwa mpaka thabwa linagunda fupa, ndipo chimfundo chakumbuyo chinathothoka n'kugwera muthireyi ya makeke. Ndinalemba mzere wanga. Ndinayeza ndi dzanja kuti aliyense aone.

"Zala ziwiri pansi pa wodula nzimbe. Ndipo Bambo anali atawerama. A dokotala, amayi anuwa anabadwa chaka cha njala iti? Koma musadandaule, zimakonzeka."

Palibe anaseka. Ndinkayembekezera phwete ngati la ku Malang, koma m'nyumba munangoti zii. Pakhomapo panaima kamayi kakang'ono, kopanda nsapato, timvi tochepa tikulendewera. Gunarso anatola chimfundo chija m'makeke n'kuchipukuta ndi mpango wake. Sanakuwe. Anati, "Chaka chomwecho, Wur. Kwawo anaika m'manda abale awo awiri. Sanauzepo munthu."

Ine ndinati, "Ndiye mukanayamba ndi chithunzi chawo."

Inde, ndinatero, ndipo musandilembere kuti ndikanakhala chete. Ngati ankadziwa kuti njalayo ili m'nyumba mwawo momwe, anadzafunanji m'nyumba mwathu? Amayi ake anawasungira tsitsi lawo ndi gogoda zawo, Bambo athu n'kuwavula chipewa pamaso pa mzinda.

Koma chimene chikundiwotcha mpaka lero si chimenecho. Bambo anatsika pampando, anayenda chogwada mpaka pamapazi pa mayiyo, n'kuyamba kuwaveka nsapato, imodzi imodzi, akupepesa. "Tikhululukireni, mayi. Mwanayu anakula wopanda amake. Cholakwa ndi changa." Ndinakuwa kuti, "Bambo, imirirani! Wongokani kamodzi kokha m'moyo wanu!" Sanatukule n'komwe mutu. Anamaliza kumanga kalamba ka nsapato yachiwiri, n'kuwaperekeza mpaka kugalimoto ali chiweramire. Mathireyi onse anabwerera, ngakhale ya makeke ophwanyika ija.

Madzulo ake anandiuza mawu awa: "Iye anandichititsa manyazi kwa alendo amene sadzandionanso. Iwe wandichititsa manyazi m'nyumba mwanga." Kuyambira pamenepo sanandilankhulenso. Akafuna tiyi amauza mwana wanu Laras kuti, "Uwauze amayi ako aang'ono," ine ndili pomwepo. M'mawa mwake anatenga laimu n'kufufuta mzere wa Mayi Suhartini bwinobwino. Wawo anausiya. Ulipo mpaka lero, ndipo ndimauona ndikamadya.

Ntchito ya ku Malang yatha, zimenezo simufunika kuuzidwa. Gunarso anatumiza uthenga umodzi wonena kuti chithunzi chija wachichotsa m'nkhani yake. Sindinayankhe. Ngati angathe, achichotsenso m'mafoni a ana a sukulu aja. Azakhali akuti ndapitikitsa mwayi ndi thabwa la anyezi, ndipo palibe mwamuna wa ku Kediri kuno amene adzabweretse amayi ake pampando umenewo. Mwina akunena zoona. Mundifunsireko kwa amene anakupezerani ntchito ngati kumeneko kuli agogo ena ofuna wowasamalira. Agogo osamva angandiyenere.

Nsalu ija mugulitse, m'malo mwake muzitumiza mkaka waufa wa Laras. Ndayamba kumuphikira dzira m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, ndipo akakana ndimamuimirira mpaka amalize. M'kalasi mwawo ndi wachiwiri kufupika. Musandifunse kumene ndinaphunzira zimenezi. Munthu uja sananame ngakhale liwu limodzi, Achemwali, ndipo n'chifukwa chake sindidzamukhululukira.

Tsopano moni. Laras akuti akukusowani, ndipo dzino lake lakutsogolo lamera. Azakhali akupereka moni, ngakhale adzakupatsaninso okha ndi ndiwo zake. Aneba alandira nsapato zawo. Mitengo ya mango yachita maluwa ambiri chaka chino. Ndisanatseke kalatayi ndinapita pakhonde pamene Bambo amanola chikwanje, n'kunena kuti, "Bambo, ndikulembera Achemwali. Ndiwauze chiyani?" Ananola, ananola, kenako anaitana Laras: "Uwauze amayi ako aang'ono alembe kuti kuno tonse tili bwino."

Ndiye ndalemba. Kuno tonse tili bwino.

Nkhaniyi ndaithera pano. Mukadzaimba mundifunse za mvula, za Laras, za mango. Mukadzangotchula dzina lili pamwamba pa kalatayi ndidzadula foni, chifukwa pakamwa panga silidzatulukanso.

Ndine mng'ono wanu,
Wuryani.