Chimene Ndinamuyankha Liseli pa Foni

Dambwa North,
Livingstone.
5 November 1996

Wokondedwa mwana wanga Lonah,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wako, wa amuna ako Ba Lubosi, ndi wa mdzukulu wanga Liseli kumeneko ku Mangalande. Kuno tili bwino, kupatula bondo la amayi ako limene limalosera mvula kuposa a wailesi. Dzuwa la chaka chino latipsereza, ndipo ku mathithi a Mosi-oa-Tunya madzi achepa mpaka miyala ili pamtunda.

Kalata yako ndinalandira mwezi watha. Amayi ako anandiwerengetsa kawiri, ndipo kachiwiriko ankandiyang'ana ngati ndaba nkhuku.

Walemba kuti tsiku lija tinalankhula pa foni ya aneba athu Ba Munalula, Liseli analira mpaka kukana chakudya. Akuti anandifunsa m'Chingerezi ngati ndinamuiwala, popeza anachoka kuno ali ndi zaka ziwiri zokha, ndipo ine ndinayankha kuti "Yes, yes, very good." Tsopano akukana kubwera pa Khirisimasi. Wandifunsa kuti ndinaganiza chiyani kuchita nthabwala yotere ndi mwana.

Mwana wanga, sinali nthabwala. Sindinamve chimene ananena. Ine atate ako Chingerezi sindichidziwa.

Ndikudziwa kuti wagwira pakamwa. Unakula ukundiona ndikuweruka ku njanji nditamanga tayi, nyuzipepala ya Chingerezi ili m'khwapa. M'nyuzipepalamo ndinkaonamo zithunzi ndi zigoli za mpira basi. Sukulu ndinalekeza Standard 2 kwathu ku Katete, ndipo ndinatulukako ndi Chinyanja chimene ukuwerengachi.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi za ku njanji, mabwana ndinkawamvera pa nkhope. Bwana akakweza mawu kumapeto ndinkadziwa kuti wafunsa, ine "Yes, yes." Akamwetulira ndinkawonjezera "very good." Akangopotoloka, ndinkathamangira kwa anzanga kukafunsa chimene ndavomera. Njira imeneyi inakulera iwe mpaka unakhala namwino, ndipo sinandigwetsepo. Ndiye nditamva kamawu ka Liseli kakukwera kumapeto, pakamwa panayankha pokha.

Kupatula anzanga a ku njanji, amene ankadziwa chinsinsichi ndi amayi ako okha. Anandiuza kuti andisungira mokwanira, koma poti tsopano chaluma mwana, ndiulule ndekha apo ayi aulula iwo. Ukuwadziwa, saopseza kawiri.

Choncho ndinavula manyazi n'kupita kwa Ba Simataa, aja ogulitsa ziboliboli ku mathithi, amene amacheza ndi azungu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nditawafotokozera anaseka mpaka kukhala pansi. Anati zaka zonsezi ankaopa kulankhula Chingerezi ine ndili pafupi, kuti ndingawakonze. Atatha kuseka anandipatsa kampando, nati ni vopepuka chabe, tiyambe lero.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimakwera minibasi, kope lili m'thumba ngati mwana wa Grade 1. Poyamba anandiphunzitsa Chingerezi chawo cha malonda, "Good price, my friend" ndi "Looking is free." Ndinawakumbutsa kuti sindikufuna kumugulitsa mvuu yosema mdzukulu wanga. Ndiye tinasintha. Pano ndikutha kupereka moni, kuthokoza, kupepesa, kufunsa "How is school," ndi kunena "I am happy to hear you."

Amandiyesera pa alendo odutsa. Sabata yatha ndinasokoneza mizere, mayi wina wa imvi kuposa amayi ako ndinamufunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji. Anaseka, anandigwira chanza, nagula njovu ziwiri zosema. Ba Simataa akuti ndisamajombe.

Koma pali mawu ena amene anandikanika sabata yathunthu. Lilime linkatha, wokana unali mtima. Ba Simataa anati munthu amene sanamve amanena kuti "I don't understand, please say it again." Ndinawauza kuti mawu amenewo akanandichotsetsa ntchito kalekale. Iwo anandiyankha kuti ntchito inatha, chatsala ndi mwana.

Dzulo ndinawanena koyamba. Mzungu wina anandifunsa chinthu mothamanga, "yes" wanga anafika pa mano, koma ndinamumeza. Ndinati sindinamve, abwereze. Lonah, munthuyo sanaseke, sanakwiye. Anangobwereza pang'onopang'ono, ndipo ndinamva kuti akufunsa njira ya ku mlatho. Ndinamulozera, kenaka ndinapita kuseri kwa mashedi kukapukuta misozi. Ndinadzimvera chisoni, mwana wanga, kuti chinthu chaching'ono chotere ndinachiopa moyo wanga wonse.

Tsono pempho langa ndi ili. Muimbe foni Lamlungu pa 24, nthawi ya 15 koloko ya kuno. Ba Munalula ndawapempha kale, ndipo ndidzafika msanga.

Usanaimbe, umuuze Liseli zoona zake. Usandikometsere. Umuuze kuti agogo ake ndi mbuli ya Chingerezi, koma chithunzi chake chili pamwamba pa kabati ndipo amachipukuta okha. Ukatero umupatse foni, iwe ukhale pambali. Usamasulire, ngakhale nditakhala chete mpaka iwe kuyamba kutuluka thukuta.

Andifunsenso funso lake lija. Yankho ndalikonza, amayi ako atopa nalo chifukwa ndimalibwereza ngakhale posamba. Akandifunsa zina zimene sindinaphunzire, sindidzavomeranso m'chimbulimbuli. Ndidzamupempha abwereze, kaya kakhumi, mpaka nditamumva mwana wa mwana wanga. Za Khirisimasi usamukakamize. Asankhe yekha akatha kulankhula nane.

Iwenso undikhululukire. Homuweki yako ija ndinkaigwedezera mutu sindinaiwerengepo ngakhale tsiku limodzi, unakhoza wekha. Ndimakunyadira kuposa mmene ndinakuuzirapo.

Undiperekere moni waulemu kwa Ba Lubosi. Amayi ako akuti uzivala zofunda, ndipo Ba Simataa akuti mwanayo akabwera adzasankhe yekha kanyama kamene akufuna. Mulungu akusungeni nonse atatu mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine atate ako okukonda,
Dabwitso Sakala