Tsiku limene ndinafuula pakhomo pa Mayi Amparo

Amayi anga, kumeneko mukudzuka bwanji?

Ine kuno ku Middlesbrough ndili bwino, kungoti kuzizira kwafika poti zala zikumakana kumanga mabatani. Dzuwa nalo likumalowa isanakwane folo koloko, ngati munthu wothawa ntchito. Khirisimasi ino ndi yachiwiri chichokereni inu, ndipo nkhani zaunjikana.

Ndiyambe ndi zakumudzi, ngakhale mwina inu mumaziona bwino kuposa ine amene ndimangodalira foni. Mchemwali wanga Chisomo wachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha Esinati, dzina lanu. Pa chithunzi chimene anditumizira wachita tsinya ngati mmene munkachitira wina akachulutsa mchere m'ndiwo. Achimwene a Yohane anakolola bwino mbatatesi, koma chimanga cha munda wa kumtunda mbozi zinagawana nawo. Mvula yoyamba yagwa ndipo adzala kale. Denga la khitchini yanu likudontha pakona pomwe paja, ndipo beseni lotchera ndi lomwe lija. Mapichesi abereka mpaka nthambi ina yathyoka. Kuno bambo a Tadala akadali pa ntchito yosamalira okalamba, ine ndikadali mu wadi ya odwala mtima. Tadala wachoka mano awiri akutsogolo. Chichewa amamva chonse, makamaka mawu akuti nyama, koma kuyankha ndi m'Chingerezi basi.

Tsopano imvani chimene chandigwiritsa cholembera.

Nyumba yoyang'anizana ndi yathu ndi ya anthu othawa kwawo amene akudikira mapepala. M'chipinda chapansi mumakhala mayi wina wachikulire, Mayi Amparo, wochokera ku Nicaragua. Musachite manyazi, inenso ndi maphunziro anga onsewa ndinachita kulifufuza dzikoli pa foni. Lili kutsidya kwa nyanja yaikulu, kumunsi kwa Mexico. Tinadziwana m'sitolo ya amwenye, tonse titagwira thumba limodzi la ufa wachimanga, lomaliza. Ndinadabwa kuti mayi ameneyu ufa akufuna autani. Amayi, anthu amenewa amadya chimanga ngati ife! Nyemba ndiye tsiku ndi tsiku. Amadziwa chinangwa, amadziwa nzimbe, amakulunga chakudya m'masamba a nthochi nkuchiphika m'madzi. Chingerezi chawo nchochepa, ndiye timacheza ndi manja, ndi foni yomasulira, ndi kuseka. Ine wosalankhula uja ndapezeka ndikufunsa mafunso ngati wapolisi. Mvula kwanu imagwa liti? Chimanga mumasunga motani? Maliro mumagona masiku angati?

Mwezi wathawu anandiitana m'chipinda mwawo nkundionetsa kachifanizo ka Maria, kotalika ngati botolo la mafuta ophikira, mphuno yake yopalika. Ndi kokhako kamene anatuluka nako m'nyumba ya makolo awo. Anandifotokozera kuti kwawo, pa 7 Disembala madzulo, mabanja amakonza kaguwa pakhomo nkutsegula chitseko. Anthu amayenda m'magulu nyumba ndi nyumba, ndipo akafika amafuula ndi mphamvu kuti, ndani wabweretsa chimwemwe chonsechi? A m'nyumba amayankha motchula Maria. Kenako alendo aja amaimba, nkupatsidwa lalanje, nzimbe, maswiti, chilichonse chimene banjalo lakwanitsa. Akuti mzinda wonse umachita kugwedezeka.

Nditamva ndinaseka, chifukwa ndinaona Khirisimasi bokosi yathu ija. Mukukumbuka mmene tinkayendera m'makomo titavala zovala zatsopano zokula, kufuula mpaka eni nyumba atuluke ndi mandasi? Chisomo ndi Yohane ndiwo ankafuula. Ine ndinkaima kumbuyo nditagwira jumbo. Inu munkati, "Tiyamike, iwe mawu unawaiwala m'mimba mwanga." Ndipo tsiku limenelo munkaphika mpunga wopitirira, chitseko chili pululu, mukuti, "Khomo lopanda odi ndi manda."

Koma ya Mayi Amparo si nkhani ya maswiti chabe. Ali khanda anadwala kwambiri, ndipo mayi awo analonjeza kuti mwanayo akachira, khomo lawo lidzatsegulidwa chaka chilichonse. Lonjezolo analisunga mpaka kufa, nkulisiyira mwana wawo. Chaka chatha Mayi Amparo anali ku hotela kumene amasungako othawa kwawo. Anaika kachifanizo pampando, natsegula chitseko, koma palibe anabwera. Ndinawafunsa ngati kupemphera okha sikukwanira. Anapukusa mutu. Akuti mwambowo suchitika mpaka munthu wakunja abwere, afuule, ndipo achoke atanyamula kanthu. Anati chaka chino chikadutsanso chete, kachifanizo akakapereka kutchalitchi, lonjezo la mayi awo lithere pomwepo. Kenako anandiloza pachifuwa. Ankafuna ine ndikafuule.

Ndinayankha kuti ndiona. Inu mukudziwa kuti kwathu mawu akuti ndiona ndi kukana kovala jekete, koma iwo sakudziwa. Anasangalala, nayamba kundiphunzitsa mawu aja m'chinenero chawo, kubwereza mpaka lilime langa linazolowera.

Masabata awiri ndinalimbana nazo. Poyamba ndinadzinamiza kuti vuto ndi mpingo. Ndinkakuonani mu yunifolomu yanu yoyera ija mukundifunsa kuti za Maria tinayamba liti. Koma ndinakumbukanso kuti a Nasibeko, anzanu achikatolika aja, munkawaphikira thobwa pa ubatizo wa ana awo onse, ndipo munkati Mulungu sasochera ndi zitseko. Ndiye mpingo sunali chifukwa.

Chifukwa chake mukuchidziwa, poti munalipo, ngakhale munali m'bokosi. Tsiku lija nditatsika galimoto yochokera ku bwalo la ndege, amayi onse pasiwa anakhala chete kudikira kuti mwana wochokera kutali alire. Ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Ndinalowa, ndinagwada, ndinagwira bokosi lanu, maso ali gwa. Kuseri ndinamva azakhali a Nachisale akuti Ulaya wandiumitsa mtima. Inenso ndinkadzifunsa zomwezo. Chichokereni tsiku limenelo ndakhala ndikukayika ngati ndine mwana wabwinobwino. Munthu amene analephera kulira mayi ake, angakafuule bwanji pamsewu wa eni chifukwa cha lalanje?

Tsikulo linafika. Ndinatsika basi cha m'ma sikisi, kunja kuli kale mdima, mphepo ikuchita kuluma makutu. Chitseko chawo chinali chotsegula. Mkatimo anayala nsalu yabuluu patebulo, maluwa apulasitiki, timagetsi tothwanima, kachifanizo pakati. Pansi panali beseni lodzaza timaphukusi. Eni ake anakhala pampando pambali, atavala majuzi awiri, milomo atapaka. Amayi, ndikuuzeni zoona: ndinawerama ngati ndikufuna makiyi m'chikwama, ndinadutsa, nkulowa m'nyumba mwanga.

Ndinaima kuseri kwa katani osayatsa getsi. Anthu ankadutsa ndithu, koma kuno munthu akaona chitseko chotsegula amayang'ana kumbali, ndiwo ulemu wawo. Kenako panabwera bambo wina wachizungu wokalamba wa nyumba ya pakona, amene amayenda ndi kagalu. Anaima, nayang'ana, ndipo mokoma mtima anawakokera chitseko kuti asazizidwe. Mayi Amparo anadzuka nkutsegula. Bambo uja pobwerera anatsekanso. Ndinaseka ndekha mumdimamo, koma kuseka kwake kunandiwawa. Ulendo uno Mayi Amparo sanatsegule msanga. Atatsegula ndinaona kuti ayamba kuzimitsa timagetsi, ndipo atenga thawulo loti akulungire kachifanizo.

Sindikudziwa kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangopezeka ndili pamsewu ndi masilipasi, yunifolomu ili m'thupi. Ndinaima pakhomo pawo nkunena mawu aja, koma ananditulukira ngati ndikufunsa wodwala ngati wagona bwino. Mayi aja anandiyang'ana, thawulo lili m'manja. Anaika dzanja kukhutu, napukusa mutu, nandionetsa ndi manja kuti ndibwerere kumbuyo, pakati pa msewu penipeni. Pa nthawi imeneyo anafanana nanu kwambiri, mmene munkandibwezera kuti ndikagogodenso ndikalowa osanena odi.

Ndinabwerera. Ndinakoka mpweya wozizira uja mpaka pansi pa mimba, nkufuula.

Amayi, mawu amene anatuluka sindinawadziwe. Anali aakulu, osweka, a mayi wa kumudzi amene akulowa pasiwa. Kagalu kaja kanauwa, makatani anagwedezeka msewu wonse. Mayi Amparo anayankha atakweza manja onse. Ine ndinafuulanso kachiwiri, popanda wondituma. Kachitatu sanalinso mawu a ku Nicaragua. Ndinkaitana inu. Ndinalira pamsewu pamenepo, kulira kwa zaka ziwiri, mamina ndi misozi, masilipasi atanyowa. Mayi Amparo anatuluka kudzanditenga. Anandikokera mkati, nandikhazika pampando wawo, nandigwira mutu, nawonso akulira zawo.

Zotsatira zake mukanaseka. Bambo a Tadala anatuluka akuthamanga, akuganiza kuti ndagundidwa ndi galimoto. Bambo wa kagalu uja anabwera kudzafunsa ngati aitane ambulansi, ndipo anachoka atanyamula lalanje ndi chidutswa cha nzimbe, akuchitembenuza posadziwa poyambira. Mayi Amparo anati mwambo umafuna nyimbo. Za Maria ife sitizidziwa, ndiye tinawaimbira za Khirisimasi za m'buku lathu la nyimbo lija, ine ndi mawu osasa, bambo a Tadala akulakwitsa mavesi monga mwa masiku onse. Anati zalandiridwa. Timagetsi anatiyatsanso, thawulo analibweza pa msomali.

M'kaphukusi kanga munali lalanje, nzimbe, ndi kaswiti kopangidwa ndi ufa wa chimanga chokazinga. Nditaluma ndinamva fungo la chiwaya chanu cha mwezi wa Juni. Zimandizunguzabe mutu kuti anthu otalikirana chonchi anaphunzira bwanji kukazinga chimanga mofanana. Ndikadali ndi mafunso ambiri. Akuti pa chaka chatsopano kwawo amapanga chidole cha nkhalamba ndi zovala zakutha nkuchiwotcha, kuti chaka chakale chipite ndi mavuto ake. Ndawachenjeza kuti kuno akayesa zimenezo abwera ozimitsa moto. Pa Khirisimasi adzadya kwathu. Adzabwera ndi chakudya chawo cha m'masamba a nthochi chija, ine ndidzaphika mpunga ndi nkhuku, wopitirira monga munkachitira. Mapepala awo sanatulukebe, ndipo sitikudziwa ngati chaka chamawa adzakhala ali pamsewu uno. Koma kachifanizo kali pawindo, sikanapite kulikonse.

Ine sindikunena kuti ndasintha. Kuntchito akundiuzabe kuti ndizikweza mawu popereka lipoti. Sindikudziwanso ngati munakondwera kuti misozi yanu ndinakaitayira pakhomo pa mlendo, patsogolo pa Maria wa mphuno yopalika. Ngati ndinalakwa mundikhululukire. Koma ndimaganiza kuti mawu aja munkati ndinawaiwala m'mimba mwanu, munangowasunga, ndipo mwapeza munthu wowatumizira.

Achimwene akuti chiliza chanu timange mvula ikatha, chimanga chikalowa m'nkhokwe. Tchuthi ndapempha kale. Ndikubwera ndi Tadala kuti adzaone pamene mwagona ndi kunyamula Esinati. Ndipo ndikulonjezani ichi: sindidzalowa mwakachetechete ngati ulendo uja. Ndidzatsikira pamsewu, pa mtengo wa mapichesi, nkukuitanani kuchokera pomwepo, mpaka azakhali a Nachisale atuluke kudzaona kuti wafika ndani. Inu mudzangotchera khutu.

Ndimakukondani, Amayi. Mupereke moni kwa Ababa.

Ndine mwana wanu wa kumbuyo kwa mzere uja,
Tiyamike