Bateriya ya Amuna Awiri ndi Mwala wa M'thumba

Atambala a ku Angoniya ayambe atseka pakamwa, pakuti akulankhula ndine, Gogo Arcanjo wa ku Fonte Boa, sing'anga wa mitima ndi makina, amene ndinaphunzira kwarta kalasi, kalasi yachinayi, kawiri chifukwa aphunzitsi anakana kusiyana nane. Kalata ya sabata ino nayi.

Agogo,

Ndimagwira ntchito pa bungwe lina la alimi kuno ku Ulongwe. Ndimajambula mapepala a minda n'kuwasunga mu sevidolo, makina aakulu osunga zinthu za esikiritoriyo, ofesi yathu yonse. Mwezi uno sevidoloyo yayamba ulesi wachilendo. Kutsegula zakale imatsegula pompo, koma kusunga zatsopano ndiye mavuto. Kale mapepala a mlimi ankalowa ndisanathe kupereka moni kwa wotsatira. Pano ndimamufunsa za ana, za mbatata, za mvula, nkhani n'kutha makina asanamalize. Alimi ena amabwerera panjinga osathandizidwa.

Tinaimbira a Paulino, tekiniko wokonza makina wa ku Tete. Anaiyang'ana pa intaneti ali komweko, nati, "Sinthani bateriya." A shefe, bwana wathu, anagula bateriya yaikulu, yonyamula amuna awiri, naiika m'bokosi lotisungira magetsi akazima. Palibe chasintha. Dzulo andiuza kuti, "Makina takonza, wotsala kukonza ndiwe." Akuti ndimachedwa ndi foni, ndipo likafika Lachisanu zili chomwechi, pampando panga pakhala mlamu wawo. Amayi ndi mwana wanga amadya ntchito imeneyi. Nditani, Agogo?

P.F., Ulongwe

Mdzukulu wanga,

Owerenga adziwe kuti sindinadikire nyuzi kuti ndikuyankhe, poti Lachisanu silidikira munthu. Ndinakuimbira tsiku lomwelo. Ndikubwereza pano kuti aliyense amene sevidolo yake ikukwawa atolepo kanthu, komanso kuti munditamande.

Mudzafunsa kuti mkulu wa kwarta kalasi zimenezi wazidziwira kuti. Ndinasesa pa esikiritoriyo ina ku Tete zaka khumi ndi zinayi, ndipo tekiniko aliyense akatsegula makina, wogwira tochi ndinali ine. Wogwira tochi ndiye amayamba kuona.

Ndinakuuza kuti uyambe wadzitsuka dzina. Utenge mapepala omwewo, uwatumize ku sevidolo kuchokera pa makina ako, kenako kuchokera pa makina a shefe, iwo akuona ndi maso awo. Kukachedwa konsekonse, ulesi si wako. Ndipo poti kutsegula kukuthamanga, usavutike ndi zingwe: msewu woipa suchedwetsa opita okha n'kusiya obwera. Uonenso ngati sevidoloyo sinakhute, chifukwa yodzaza mpaka pakhosi imameza movutika. Kunachedwadi konsekonse, ndipo yanuyo inali ndi malo ambiri.

Tsono nkhani ili apa. Unaonapo pa malire a Kalomwe anjinga akutula matumba a mbatata? Amaponya pakhonde n'kubwerera kukatenga ena, mwini nyumba amalowetsa yekha pang'onopang'ono. Amatero chifukwa pakhondepo pali mlonda. Mlonda akasowa, mwini nyumba amati thumba lililonse lilowe mpaka m'kati, chitseko chitsekedwe, ndiye wina abwere. Mzere umafika ku Dedza.

Sevidolo nayo ili ndi khonde lake lotulirapo zatsopano isanazilembe bwinobwino. Mlonda wake ndi kabateriya kakang'ono kokhala m'mimba mwa makinawo, kosunga zapakhonde magetsi akathawa. Kakafa, sevidolo imatseka khonde yokha poopa kutaya katundu wa anthu. Si ulesi umenewo, ndi ulemu.

A Paulino sanalakwe, a shefe sanalakwe, linalakwa ndi liwu. Kuno kwathu ukati bateriya, munthu amaona chimphona cha galimoto kapena cha sola. Kakang'ono kolowa m'thumba timati mwala, ngati wa wailesi. Ndiye ndinati uwaimbirenso a Paulino uwafunse kuti, "Mumanena bateriya kapena mwala?" Unandiuza kuti iwo anafunsa kuti, "Mwagula chiyani kodi anthu inu?" Utawauza, anaseka mpaka foni kuduka.

Lachitatu a Paulino anakwera shapa, minibasi ya kuno, mwala uli m'thumba la malaya. A shefe ataona kukula kwake akuti anafunsa, "Ndi kameneka basi?" A Paulino anakalowetsa mu sevidolo, koma tsikulo makina anakwawabe, ndipo unandiimbiranso. Ndinati, "Mlonda watsopano sayamba ntchito ndi njala. Msiye adye magetsi mpaka mawa." Lachinayi m'mawa khonde linatseguka. Alimi makumi anayi ndi atatu anathandizidwa dzuwa lisanapendeke, ndipo mayi wina wa ku Fonte Boa kuno wandidandaulira kuti mtsikana wa pa bungwe uja wayamba kunyada, masiku ano safunsanso za ana.

Lachisanu mlamu uja anafika atavala nsapato zatsopano, napeza mpando uli ndi mwini wake. A shefe anagwada pamaso pa alimi onse, chipewa kumanja, kukupepesa.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo apa sindikuseka. Adzabwera wanzeru wina n'kukuuza kuti khonde lija limatheka kulitsegula mokakamiza ngakhale mwala utafa. N'zoona, ndipo makina adzathamanga ngati mbuzi yodula chingwe. Koma magetsi a kuno umawadziwa, satsanzika. Akadzazima, zonse zapakhonde zapita, mwina ndi zakale zomwe kuonongeka, ndipo munda wa munthu udzasowa pepala. Ukane. Ulembe tsiku limene mwalawu waikidwa, umate pa makinapo, zikatha zaka ziwiri a Paulino adzauyeze usanafe. Mapepalawo uziwasunganso pena, kunja kwa sevidolo. Bateriya yaikulu ija musaitaye, ili pamalo pake, inangobwera pa maliro a eni.

Pomaliza ndiulule, poti Lamulungu ndikufuna kulandira Mgonero kutchalitchi. Zoti a shefe anagwada ndapeka ine. Iwo anangokhosomola, nati, "Lolemba ufike molawirira." Koma ine ndasesera mashefe zaka khumi ndi zinayi, mdzukulu wanga. Kukhosomola kumeneko ndiye kugwada kwawo.

Gogo Arcanjo