Masipanala M'chikwama cha Kuchipatala

Aphungu,

Ndine makanika, ndipo pakhomo panga anthu sanamvepo phokoso la ndewu. Akazi anga ndi oyembekezera, mwezi wawo ndi uno. Chomwe chandisowetsa mtendere ndi chikwama.

Chikwamachi anachilongedza mimba isanaoneke n'komwe. Anaikamo nsalu, matewera, tizovala ta mwana, sopo, tochi ndi buku lakusikelo, n'kuchiimika kuseri kwa chitseko, beseni latsopano pambali pake. Miyezi yonseyi chimangokhala pamenepo, ndiye ine poona zinthu zili chigonere ndinayamba kubwerekako. Tochi ndinatenga chifukwa kunsi kwa galimoto kumakhala mdima. M'beseni ndinatsukiramo zitsulo ndi parafini. Thewera limodzi ndinapukutira galasi la kasitomala, ndipo ndikuuzeni Aphungu, palibe nsalu yoposa imeneyo, sikanda ngakhale pang'ono. Zonsezi ndimati ndibweza.

Loweruka lapitali chikwama changa cha zipangizo chinaduka chogwirira. Akazi anga anali kumsika. Ndinakhuthulira katundu wawo m'thumba loyera bwinobwino, ndinalilowetsa kunsi kwa bedi, m'chikwama chawocho n'kuikamo masipanala. Nditaweruka ndinachibwezera kuseri kwa chitseko, ndikuti mawa ndikonza. Mawa lakelo masana tikudya, akazi anga anagwira m'chiuno n'kunena kuti, "Bambo, zayamba." Ndinathamanga kukabwereka galimoto, ndinanyamula chikwama, ndipo ndinawafikitsa kuchipatala msangamsanga. Koma zimenezi palibe akuzitchula.

Namwino atafunsa buku, anatsegula yekha zipi. Anatulutsa sipanala, kenako nyundo, kenako chiguduli chakuda bii. Anandiyang'ana n'kuti, "Bambo, mayiwa mwabwera nawo kuti achire, kapena tiwasinthe matayala?" Amayi onse pabenchi anafa nako kuseka. Akazi anga sanaseke. Mwamwayi nthawi inali isanakwane, moti atawayeza anatibweza.

Kunyumba sanakalipe. Anachapa zonse, anaitana akulu awo, alamu angawo, n'kulongedzanso. Tsopano chikwama chikugona kwa aneba athu, mayi wina wogulitsa makala. Akuti wodzawaperekeza ndi alamu. Nditafunsa za ine anangoti, "Inu mudzamva pa foni."

Ndikudziwa kuti chaka chatha anapita padera mimba itakula kale, ndipo tinafika kuchipatala chimanjamanja, nsalu anachita kuwapatsa mayi wa bedi loyandikana. Koma zimenezo zinapita. Panopa anzanga kugalaja akundiseka, ndipo katundu wa mwana wanga akusungidwa kwa eni ngati ndine wakuba. Ine ndine mutu wa banja. Ndiwauze bwanji akazi angawa kuti akukuza nkhani yaing'ono, chikwama chibwerere m'nyumba?

G.W.M., kuseri kwa msika


Amakanika,

Ndiyambe ndi kukuyamikirani. Si amuna onse angatulukire nsalu yosakanda galasi. Ena ndi ogona, mpaka lero amaganiza kuti thewera ndi la mwana. Ndipo poti mukudandaula kuti palibe akutchula za liwiro lanu, ine ndalitchula: munafika msanga kwambiri, mutanyamula nyundo.

Mukuti munkabwereka. Kubwereka kumayamba ndi kupempha mwini wake. Mnzanu wakugalaja atachita zomwezo ndi masipanala anu, simukanandilembera kalata, mukanapita kupolisi.

Nkhani ya chaka chatha mwaiponya kumapeto ngati munthu wokumbukira kuti wasiya mpopi wosatseka. Kwa inu zinapita. Kwa mayiwo sizinapite. Anagona pabedi lija atataya mwana, atafunda nsalu ya munthu wosamudziwa. Sangailamule mimba kuti iyende bwino, koma chikwama angathe kuchilongosola. N'chifukwa chake anachilongedza msanga: akachiona kuseri kwa chitseko mtima unkakhala pansi, podziwa kuti ulendo uno sadzapemphanso nsalu. Inu pamenepo munaonapo sitolo yaulere.

Tsono chikwama chisiyeni komwe chili. Mayi wamakalayo angathe kuona beseni latsopano osalithira parafini, luso lomwe inu simunaliphunzire. Pitani mukagule beseni lina, tochi ina ndi matewera ena, muwapatse akazi anu m'manja, osadzera kwa alamu. Mupepese, ndipo m'kupepesako musamveke mawu oti "koma". Musatchulemonso za galasi.

Tsiku lakusikelo likafika pitani nawo, mukafunse namwino zomwe chipatalacho chimafuna, chifukwa zipatala zimasiyana. Musavutike n'kudzifotokoza, akukumbukirani. Onetsetsani kuti m'chikwamamo buku lili pamwamba penipeni, ndipo muli zovala zomasuka za mayi, mapadi, bulangeti, chaja, kachipewa ndi timasokosi ta mwana. Kuonetsetsako ndi kwa maso okha, manja ali m'thumba.

Ntchito yokuyenerani ilipo, ndi ya mayendedwe. Gwirizanani ndi mwini galimoto lero, osati mayi atagwira kale m'chiuno. Mafuta akhalemo, foni yanu ikhale yoyaka, ndipo kasitomala wakutali mumuuze adikire.

Za woperekeza, amasankha ndi wobereka. Ngati asankha akulu awo, ndi momwemo. Umutu wa banja wanuwo mupite nawo, mukaukhazike pabenchi yapanja, uzikadikira kutumidwa. Akakutumani madzi, mukabweretse madzi. Mukachita zimenezi mosanyinyirika, mwina tsikulo simudzamva pa foni, alamu adzachita kutuluka kudzakuitanani. Sindikulonjeza, chifukwa zimene munaononga sizikonzedwa ndi sipanala.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo apa sindikuseka. Akazi anu anasekedwa pagulu, kenako anabwezedwa kunyumba. Mayi wotero angathe kuchita manyazi kupitanso, n'kumapirira ululu mwakachetechete kuti atsimikize kaye. Musalole zimenezo. Akaona magazi, madzi akatuluka, mutu ukawapweteka kwambiri, maso akachita chidima, kapena mwana akasiya kugunda, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale akakubwezeninso. Musayambe mwamvetsera nokha ngati mukuyeza injini. Galimoto mukachedwa nayo mumakagula sipeya. Mayiwa sipeya wawo kulibe.

Phungu